Njanji Ikalowa Pansi, Malo a Pamwamba Atenga Ndani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOLANKHULA: Moni a ku Mitundu ndi a m'tsinde mwa phiri la Bunda, moni a pa Nanjiri, a pa Nathenje mpaka ku Kamphata. Kaya muli pa chigayo, kaya pa siteji ya kabaza, kaya mukusankha fodya m'chigafa wailesi ili pambali, takulandirani. Lero tikamba za mizinda imene inachotsa njanji pamtunda n'kuilowetsa pansi pa nthaka, ndi zimene zinawachitikira anthu okhala m'mbali mwa njanjizo.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Njanji ku Mitundu? Zoonadi, kwathu kuno kulibe. Njanji ya m'boma lino la Lilongwe inadzera kumpoto kwa mzinda. Inachokera ku Salima n'kufika pa Kanengo mu 1979, ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo mu 1980 inafika ku Mchinji. Ambirife timaiona tikapita ku okushoni kukagulitsa fodya. Komabe musatseke wailesi, chifukwa nkhaniyi ifika pa msika wa Nathenje, ifikanso pa munda uja anthu a m'tauni akhala akukunyengererani kuti muwagulitse.

Matauni ambiri anabadwa ndi njanji. Sitima itafika ku Blantyre mu 1908, Limbe inakula mozungulira siteshoni ndi makampani a fodya. Luchenza ndi Balaka anakula momwemo, ndipo Salima inatukuka njanji itafikako mu 1935. Ngakhale Lusaka, likulu la anzathu a ku Zambia, mu 1905 panali pongoimapo sitima. Pamene sitima yaima, pamabwera wogulitsa nthochi, wophika tiyi, wonyamula katundu, kenako nyumba, kenako sukulu ndi tchalitchi.

Vuto limadza tauni ikakula. Njanji imene kale inali kumapeto kwa nyumba imapezeka ili pakatikati, ndipo anthu amagawika, awa tsidya lino, awo tsidya ilo. Sukulu ili uko, mwana ali kuno. Sitima siima msanga monga galimoto, ndipo siikhota kuti ipewe munthu. Afunseni a ku Neno, Balaka ndi Machinga, kumene kumadutsa sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala. Sitima imodzi imakoka mabogi oposa 100, ndipo ikatseka njira, wodwala amene ali pa njinga amadikira, mayi wosenza madzi amadikira, mpaka bogi lomaliza lidutse.

Pali njira zingapo zothetsera vutoli. Mutha kumanga mlatho kuti msewu udzere pamwamba, monga anachitira ku Lusaka. Mutha kukweza njanjiyo pa zipilala. Koma njira imene imasintha dera kotheratu, yomwenso ndi yokwera mtengo kuposa zonse, ndi kuilowetsa pansi.

Amachita bwanji? Ena amakumba chingalande chachikulu kuchokera pamtunda, n'kumanga makoma a konkire mbali zonse, n'kuyala njanji pansipo, kenako kuvindikira pamwamba ndi kukwirira. Njira imeneyi ndi yotsikirako mtengo, koma pa zaka zonse za ntchitoyo misewu imatsekedwa, fumbi limakhala tsiku ndi tsiku, ndipo masitolo ang'onoang'ono ambiri amafa ntchito isanathe. Ena amagwiritsa ntchito chimakina choboola chimene chimayenda pansi ngati mfuko, chikudya mwala kutsogolo, kumbuyo chikusanja konkire, anthu pamwamba akuchita zawo. Koma kukumba n'chiyambi chabe. Pansipo pamafunika mapampu ochotsa madzi usana ndi usiku, zokupizira mpweya, njira zothawira moto ukabuka, ndi magetsi osathima. Sitima zathu ndi za dizilo, utsi wake mukuudziwa. Za magetsi athu sindinenapo, mukuwadziwanso bwino kuposa ine.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tipite ku New York, ku America, kumene nkhaniyi inachitika kale ndipo zotsatira zake zikuoneka mpaka lero.

Kumeneko sitima za nthunzi zinkayenda pakati pa msewu wotchedwa Fourth Avenue, limodzi ndi anthu ndi ngolo za akavalo. Ngozi zitachuluka, m'zaka za m'ma 1870 anaitsitsira njanjiyo m'chingalande n'kuvindikira mbali zina. Anthu pamwamba anapumako, koma utsi unkadzaza pansipo. Pa 8 Januwale 1902, woyendetsa sitima ina sanathe kuona zizindikiro chifukwa cha utsiwo, ndipo anawomba sitima inzake imene inali itaima. Anthu 15 anafera pomwepo. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo boma linalamula kuti pofika 1908 sitima za nthunzi zisalowenso m'dera limenelo.

Injiniya wa kampani ya njanjiyo, William Wilgus, anaona mwayi m'lamulo limeneli. Sitima za magetsi zilibe utsi, choncho njanji zonse, ngakhale bwalo lalikulu loimikapo mabogi, zikhoza kuvindikiridwa. Ndiye pamwamba pa chivindikirocho papezeka malo atsopano pakati penipeni pa mzinda, ndipo amene akufuna kumangapo azilipira kampani. Ndalama za lendiyo zithandiza kubweza zimene zalowa pa ntchito. Zinachitikadi. Siteshoni ya Grand Central inatsegulidwa mu 1913, ndipo pamene kale panali mwaye ndi phokoso panamera mahotela ndi nyumba za anthu olemera. Hotela yotchuka ya Waldorf Astoria, imene inatsegulidwa mu 1931, inaima pamwamba pa njanji. Msewu uja lero ndi Park Avenue, umodzi mwa misewu yodula kwambiri padziko lonse.

Tsono mverani apa, chifukwa ambiri pofotokoza nkhaniyi amalekera pa mahotela. Njanjiyo sinakwiriridwe yonse. Mukatsata Park Avenue kulowera kumpoto, pa 97th Street sitima zimatuluka pansi n'kukwera pa zipilala, ndipo zimadutsa m'dera la East Harlem zikugunda pafupi ndi mawindo a anthu. Kumwera kwa malo amenewo kuli maluwa pakati pa msewu. Kumpoto kwake kwakhala kwa anthu opeza movutikira kwa zaka zambirimbiri. Msewu ndi umodzi, dzina ndi limodzi. Mapiri ndi zigwa za kumeneko zinathandiza kuti sitima itulukire pamenepo, inde, koma palibe amene anaona chifukwa chowonongera ndalama kuti a kumpotowo nawonso agone tulo.

Ku Seoul, likulu la South Korea, zinayenda mwamtundu wina. Njanji ya Gyeongui italowa pansi, pamwamba pake sanamangepo nyumba. Anadzalapo mitengo ndi kapinga, n'kukhala paki yaitali makilomita oposa 6, imene inamalizidwa mu 2016. N'zosangalatsa kuona. Koma dera la Yeonnam-dong, limene kale linali la nyumba zotsika mtengo chifukwa cha phokoso la sitima, linadzaza ndi malo odyera ndi omwera khofi. Lendi inakwera, ndipo ambiri mwa amene ankachita lendi kumeneko, omwe anapirira phokoso zaka zonsezo, anasamuka. Landilodi anapindula ali khale.

Za mtengo, chitsanzo chimodzi chikwana. Mzinda wa Stuttgart ku Germany unayamba mu 2010 ntchito yolowetsa pansi siteshoni yake yaikulu, anthu zikwizikwi akuchita zionetsero zokana. Ankati ndalama sizidzapitirira mayuro 4.5 biliyoni. Zadutsa 11 biliyoni, ndipo pofika 2025 siteshoniyo inali isanatsegulidwebe. Ameneyotu ndi Germany.

Abale athu a ku Joni akuidziwa Gautrain, sitima yothamanga imene inayamba kuyenda mu Juni 2010, masiku ochepa mpikisano wa mpira wa dziko lonse usanayambe. Pa makilomita 80 a njanji yake, pafupifupi 15 ali pansi pa nthaka, kuchokera pa Park Station kudzera Rosebank ndi Sandton. Iyi sanachite kuisamutsa, anaimanga chatsopano, koma phunziro lake n'lomwelo. Chigawo cha pakati pa Rosebank ndi Park Station chinatsegulidwa mochedwa, mu 2012, chifukwa madzi ankalowa mochuluka. Pafupi ndi masiteshoni a Rosebank ndi Sandton pamera nyumba zosanjikizana za maofesi. Sitimayo imatulukira pamtunda cha ku Marlboro, m'mphepete mwa Alexandra, kumene anthu ambiri amangoiona ikudutsa, iwo n'kukakwera takisi poti mtengo wake sangaukwanitse tsiku lililonse.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tibwerere kwathu tsopano.

Pa Nathenje palibe njanji, koma pali M1. Msewu umenewu ukuchita zonse zimene njanji inachita m'mizinda ija. Ndiwo unakulitsa malowa: wogulitsa tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata, wa chiwaya, wowotcha chimanga, onsewa amadya chifukwa cha minibasi ndi mabasi a pakati pa Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Blantyre. Ndiwonso umadula malowa pakati. Mathiraki olemera ochokera ku chipata cha Dedza, ena atanyamula katundu kuchokera ku doko la Beira, amadutsa pomwe ana asukulu amawolokera, pomwe wakabaza amatembenukira, pomwe mayi wayala malonda phazi limodzi lili pa phula. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Msewu tinaulira, ndipo palibe wa pa Nathenje amene angafune kuti uchoke. Koma matope ake ndi amenewa, ndipo maliro obwera ndi ngozi za pamsewu tawalirapo.

Mitundu ndi yosiyana. Msewu wochokera pa mphambano ya Bunda si njira ya mathiraki opita kunja kwa dziko. Amene wakwera galimoto ya ku Mitundu amakhala akupita ku Mitundu komweko: ku msika, ku chipatala, kukapikula mbewu, kapena ndi wophunzira wa pa Bunda. Malonda a pa Mitundu aima pa anthu obwera ku Mitundu komweko, pamene mbali yaikulu ya malonda a m'mbali mwa msewu pa Nathenje yaima pa anthu ongodutsa. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Msewu wa M1 utati wasunthidwa pang'ono lero, pa Nathenje pangakhale bata, ana angawoloke mosaopa, koma tomato angaolere pa benchi. Amene mumapita ku Dedza mwaona kuti M1 imalambalala boma, ndipo ogulitsa ambiri anatsatira msewu kunja.

Kusamutsa magalimoto olemera kuti asadutse pakati pa tauni tinakuona ndi maso athu, pakhomo pathu pomwe. Msewu wolambalala mzinda wa Lilongwe chakumadzulo, wa makilomita pafupifupi 13, womwe unamangidwa ndi ngongole ya African Development Bank, umayambira pa mphambano ya Bunda pomwepo n'kukalumikizana ndi msewu wa ku Mchinji. Cholinga chinali chakuti mathiraki opita ku Zambia ndi ku Kanengo asamapanikizane ndi minibasi pa mlatho wa Lilongwe ndi mu Old Town. Amene munkadutsa kumeneko msewuwo usanabwere mukukumbukira kuti mbali yaikulu inali minda. Pitaniko lero: mipanda ya njerwa, malo omwetsera mafuta, nyumba zosungiramo katundu, mapoloti okhomedwa zikhomo. Malo anakwera mtengo. Funso langa likufanana ndi nkhani ija ya ku Seoul: mwa anthu amene ankalima mindayo, ndi angati amene ali ndi kanthu m'mbali mwa msewuwo lero? Amene anagulitsa msanga, ntchito isanayambe, analandira mtengo wa munda wa chimanga. Amene anagula anagulitsanso, kapena kumanga, pa mtengo wa m'tauni.

Sindikunena kuti ogulawo anaba. Ambiri anagula mwachilungamo, mboni zilipo. Chimene anali nacho, chomwe mwini munda analibe, ndi kudziwa. Anadziwiratu kumene msewu udzadzere.

Ndipo mzinda sukuima. Lilongwe inakhala likulu mu 1975 ili tauni yaing'ono. Pa kalembera wa 2018 munali anthu pafupifupi 990,000. Anthu amenewa akufuna pogona, ndipo akuyang'ana kumwera kuno, m'mbali mwa M1 ndi m'mbali mwa msewu wa ku Bunda. Ena amene amagwira ntchito m'tauni akugona kale kuno, m'mawa n'kukwera minibasi. Sindikulengeza ntchito iliyonse ya boma pa wailesi pano. Ndikungoti msewu waukulu wolowa mu likulu la dziko sukhala momwe ulili mpaka kalekale; tsiku lina udzakulitsidwa, kapena kuwongoledwa, kapena kulambalalitsidwa, monga tikuonera misewu ya m'kati mwa mzinda ikukulitsidwa zaka zino.

Maganizo anga ndi awa, ndipo mutha kutsutsa. Malawi alibe chifukwa cholotera njanji kapena msewu wapansi pa nthaka panopa. Ndalama zokumbira kilomita imodzi zingakonze misika ndi powolokera pa malo ambiri a malonda a m'mbali mwa M1. Chimene tingatengeko ku New York ndi ku Seoul si makina awo ayi, koma kuzindikira kuti nkhondo yeniyeni imakhala pa malo amene atsala chotchinga chikachoka, ndipo imamenyedwa pa pepala, zaka zingapo fosholo yoyamba isanalowe m'nthaka. Wofika pa tsiku lotsegulira, nduna ikudula riboni, wafika zonse zitagawidwa kale.

Pali kumene anayesako kuchita bwino. Ku Shimokitazawa, mu mzinda wa Tokyo, njanji ya kampani ya Odakyu inalowa pansi mu 2013. Anthu a m'deralo, lomwe limadziwika ndi timisewu tating'ono ndi timasitolo ta anthu wamba, anali atachita phokoso kwa zaka zambiri kukana kuti dera lawo lisanduke la nyumba zitalizitali. Pa mbali ina ya malo amene njanji inasiya, kampaniyo inamanga timasitolo tating'onoting'ono toti munthu woyamba kumene bizinesi akwanitse lendi yake. Si onse anakhutira, koma wamalonda wamng'ono anapatsidwa pokhala chifukwa analankhula nthawi ikadalipo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Ndiye ife titani? Ndiyambe ndi inu amene mukumanga m'mbali mwa M1. Msewu waukulu uli ndi malo ake osungidwa mwalamulo, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Golosale kapena nyumba imene mwamanga m'kati mwa malo amenewo, ngakhale mutaipaka penti wokongola bwanji, tsiku lokulitsa msewu idzalembedwa chizindikiro chofiira, ndipo musadalire chipukutamisozi. Musanagule njerwa, tengani chingwe muyeze, kapena funsani a Roads Authority kudzera ku khonsolo. Wokugulitsani poloti sadzakuuzani zimenezi.

Kwa inu amayi ndi abambo ogulitsa pa msewu, kukuthamangitsani ndi zikwapu si yankho, ndipo mumabwerera mawa lake chifukwa kasitomala ali pa msewupo. Chimene makomiti anu a msika ayenera kupempha ku khonsolo ya boma la Lilongwe ndi malo oti minibasi ndi galimoto zizipatukira n'kuima kunja kwa phula, mabenchi ali pomwepo, kuti wogula atsike popanda thiraki kumupemerera mphepo. Pemphaninso powolokera pooneka bwino pafupi ndi sukulu, ndi zochepetsa liwiro zimene woyendetsa amaziona ali patali. Zimenezi sizifuna mabiliyoni. Ndipo ngati kudzamangidwa msika watsopano, mayina a amene mukugulitsa lero alembedwe ntchito isanayambe, kope lina likhale ndi inu. Tamva kangati kuti mashedi atsopano atengedwa ndi anthu amene sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato?

Nkhani ya minda ndiyo yandikhudza kwambiri. Kwathu kuno munda ndi wa mbumba. Amalume, inu eni mbumba, udindo wanu ndi kusunga, osati kukagulitsa nokha pa bawo kapena pa mowa, alongo anu ndi ana awo n'kudzamva poona alendo akukhoma zikhomo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula mwayi woti banja lilembetse malo ake, kudzera m'makomiti a za malo otsogozedwa ndi agulupu, momwe amayi ayenera kukhalamo. Funsani kwa amfumu ndi ku ofesi ya za malo kuti m'dera lanu zafika pati. Ndipo munthu akabwera ndi galimoto yabwino, ndalama zili m'manja, akufulumira kuti musaine lero lomwe, dzifunseni chimene iye wamva chomwe inu simunamve. Ngati banja lagwirizana kuti ndalama zikufunikadi, ganizirani zobwereketsa malowo kwa zaka zowerengeka ndi pangano lolembedwa, kapena kugulitsa chigawo chakumbuyo n'kusunga choyang'ana ku msewu.

Mafumu athu, ndi ulemu wonse, inu ndi amene mumayamba kumva alendo oyeza malo akafika. Mukamva, imbani belu anthu asonkhane, amve onse pamodzi, osati awiri atatu a kufupi ndi bwalo.

Kwa achinyamata a kabaza, ophunzira a pa Bunda ndi nonse odziwa kuwerenga mapu: misonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC si ya okalamba okha. Mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo a pa Nathenje ndi pa Mitundu ndi nkhani imene khonsolo iyenera kuyankhapo mukafunsa. Pa msonkhano wotsatira, mufunseni khansala wanu kuti pulani ya malo anu a malonda ili kuti, msika ndi depoti zaikidwa pati, ndipo ngati pulaniyo kulibe, idzalembedwa liti ndiponso ndani adzakhale pansi polemba. Yankho limene mulandire mutitumizire kuno ku pulogalamu ino, tidzaliwerenga pa wailesi kuti a tsidya lina la msewu nawonso amve.

Amene muli pa ulendo, muwoloke bwino msewu.

(NYIMBO YOTSEKERA)